A Meng Onong'ona ndi Chiwaya cha Kuseri kwa Phiri

Nyengo yozizira ikafika kuno kwathu, nkhungu imatsika m'mapiri n'kukhazikika. Tsabola amapachikidwa pamwamba pa moto, nyama ya nkhumba pambali pake, ndipo woyenda m'tinjira ta m'mphepete mwa minda ya mpunga amayenera kufuula paliponse pokhota kuti asagundane ndi mnzake wosenza madengu. Aliyense ankafuula, kupatula a Meng Fulai. Iwo ankanong'ona. Ananong'ona zaka zonse zomaliza za moyo wawo, moti m'mudzi muno mulibe munthu amene sanagundanepo nawo chipumi.

Anamwalira m'nkhungu yomweyo, chaka chathachi, ndipo vuto anasiyira alamu awo, a Ban Shoulin, oliza lipenga pa maukwati ndi pa maliro. Kuno wakufa amaperekezedwa ndi malipenga, ng'oma ndi makombola, kuti makolo amve kuti kukubwera munthu, amutsegulire njira. Woikidwa mwakachetechete ndi wopanda abale. Koma a Meng, ali chigonere, anagwira dzanja la a Ban n'kunena kuti, "Alamu, chilipenga chanucho chisadzalire pa maliro anga. Chiwaya chili pantchito."

Chiwaya ndi dzina limene tinapatsa chimbale chachitsulo chimene akatswiri a zakuthambo anayala m'chigwa kuseri kwa phiri, chachikulu moti mudzi wathu ungalowemo ndi minda yomwe. Chitangomangidwa kunabwera bambo wa jekete kudzachititsa msonkhano. Anati chimbalecho chimatchera khutu ku mafunde a wailesi ochokera ku nyenyezi zakutali, ofooka kwambiri, choncho pafupi nacho sipafunika foni kapena makina a magetsi.

A Meng anakweza dzanja. "Nanga kutsokomola?"

"Tsokomolani mmene mungathere, bambo. Mawu a pakamwa sichimva ayi."

Potuluka, a Meng anakoka malaya a a Ban. "Mwauona ulemu wake? Munthu wophunzira sangakuuze pamaso kuti tseka pakamwa. Amayambira pa foni."

Kuchokera tsiku limenelo mawu awo enieni sanamvekenso.

Anayamba ndi tambala. Ankamuvundikira ndi dengu, pamwamba n'kufunditsa bulangete la akazi awo. Tambalayo ankalirabe, koma ngati ali m'chitsime cha mudzi wina. Kenako anatseka ndi udzu belu la njati yawo yolimira. Sabata isanathe njati inasowa m'nkhungu. Mudzi wonse unatuluka kukaifuna, a Meng ali patsogolo, akuiitana dzina monong'ona ndi kudzudzula aliyense wokweza mawu. Inapezeka masana. Inali pambuyo pawo, ndipo inali ikuwatsatira kuyambira m'mawa.

Akazi awo, a Guilan, omwe ndi mlongo wa a Ban, ali ndi mawu owoloka chigwa popanda mlatho. Choncho mikangano ya m'nyumba imeneyo inkamveka mbali imodzi yokha. Oyandikana nawo ankangomva kuti, "Mwati chiyani?" Kenako zii. "Bwerezani ngati ndinu mwamuna!" Ziinso. "Amayi anga asalowe m'nkhani imeneyi!" Zimene a Meng ankanena aliyense ankadziikiramo yekha, ndipo anthu ambiri ankagwirizana kuti mkuluyo anali ndi pakamwa poopsa.

Koma mdani wawo wamkulu linali lipenga la alamu awo. Pa ukwati wina, nthawi yokolola itatha, a Ban anaimirira kutsogolo kwa mkwatibwi, anakoka mpweya, n'kuuzira. Palibe chinamveka. Masaya anatupa, maso anatong'oka, khosi linafiira ngati tsabola wakupsa. Atauziranso ndi mphamvu zawo zonse, chibulunga cha mpunga womata chinafwamphuka m'lipengamo n'kukamata pa chipewa cha amalume a mkwati.

"Alamu!" anakuwa a Ban. "Mwandichititsa manyazi pamaso pa anthu!"

"Pang'onopang'ono," ananong'ona a Meng.

"Pang'onopang'ono chiyani! Tsiku limene mudzafe ndidzakulizirani mpaka Chiwaya chanucho ching'aluke pakati!"

"Ndiye sindifa," anatero a Meng, n'kupita kukakhala kumene kunali nyama.

Mwa ofufuza a ku Chiwaya panali mtsikana wina, Tong Yan, amene ankatsika kudzagula mazira kwa a Guilan. Tsiku lina anafika akumwetulira yekha. Anati chimbale chagwira kuthwanima kwa mafunde kochokera ku mlalang'amba wina, khamu la nyenyezi lakutali kwambiri, kwakufupi kuposa kuphethira kwa diso, ndipo kukubwerezabwereza. Anati mafundewo ananyamuka kwawoko padziko pano pasanakhale munthu.

"Munayamba kuzimva liti, mwana wanga?" anafunsa a Meng.

"Nthawi ya maluwa a mpiru, agogo."

A Meng anacheukira akazi awo pang'onopang'ono. "Nthawi imene ndinawonjezera bulangete lachiwiri pa tambala."

"Bulangete langa," anatero a Guilan.

"Agogo, ndakuuzani kangapo," anatero Tong. "Ngakhale munthu ataimba ng'oma m'kati mwenimweni mwa chimbalecho..."

"Shii! Alamu anga angamve." Anasendera pafupi. "Ndiye zikuti chiyani zinthuzo?"

"Sizikunena kanthu. Chimene chikuzitulutsa sitinachidziwe bwinobwino. Ena akuganiza kuti ndi nyenyezi imene inafa kale."

"Ulendo wonsewo, kufika n'kungoti duu?" A Meng anapukusa mutu. "Ndi manyazi amenewo. Mlendo sayamba kulankhula m'nyumba yaphokoso. Tipatseni nthawi, tiwakhalitsa chete anthuwa."

Sanawakhalitse chete. Anakalamba, chifuwa chinawagwira, ndipo ngakhale kutsokomola ankatsokomolera m'pilo.

Atamwalira, mudzi unamasuka, koma sunadziwe chochita ndi ufuluwo. Amayi otsuka masamba pamtsinje ankaseka, kenako n'kudukiza kuseka pakati, maso kunjira, kudikira a Meng ndi chala chawo pamlomo. Chalacho sichinkabwera. Pokhota anthu ankafuula monga mwa nthawi zonse, n'kudutsa bwinobwino osagundana ndi aliyense, ndipo ena ankafika kunyumba ali okhumudwa osadziwa chifukwa.

Bokosi linali m'chipinda chapakati. Achibale a kutauni anali atabwera ndi makatoni a makombola, ndipo mkulu wosankha masiku a maliro ankadikira kuti banja limuuze zochita. A Ban anakhala pakhonde, lipenga pamiyendo. Anali ataperekeza akufa onse a m'chigwa chino, abwino ndi oipa, ndipo sanasiyepo ngakhale mmodzi panjira. Akapanda kuliza, mlamu wawo akafika kwa makolo ngati wakuba, popanda womutsegulira. Akaliza, ndiye kuti aphwanya mawu omaliza a munthu amene anawagwira dzanja.

A Guilan anatuluka ndi tiyi. "Achimwene, ine ndakhala ndi munthu ameneyu zaka zambiri osamumva. Za lipenga muona nokha. Koma asapite ngati galu."

M'mawa mwake a Ban anakwera phiri mpaka pa geti la Chiwaya n'kuitanitsa Tong. Mtsikanayo anatuluka maso ali ofiira, pakuti uthenga unali utamufika.

"Amalume, lizani," anatero asanafunsidwe. "Ndikulumbira, sichimva. Sichinamvepo."

"Sindinabwerere zimenezo," anatero a Ban, ndipo anadabwa kudzimva akunong'ona. "Njati imapuma. Munthu amapuma. Chinthu chanuchi sichipuma?"

Tong anawalozera pakati pa chimbale, pamene kanyumba kachitsulo kanalendewera pa zingwe zochokera ku nsanja zazitali. Anati kanyumba kameneko ndiko kamalandira mafunde, ndipo nthawi ndi nthawi amakatsitsa pansi kuti amisiri akakonze. Kakakhala pansi, Chiwaya sichimvetsera chilichonse.

"Mukatsitsa liti?"

"Lachinayi m'mawa. Tikakwezanso masana."

Mkulu wosankha masiku atamva, anakwinya nkhope. Anati Lachinayi si tsiku labwino kwenikweni kwa munthu wobadwa chaka cha a Meng.

"Ndi labwino!" anatero a Guilan, ndipo mawindo ananjenjemera. Mkuluyo anaganizanso, n'kupeza kuti linalidi labwino.

Maliro aphokoso ngati amenewo sanachitikepo kuno. Makombola anayamba bokosi lisanatuluke pakhomo. Agalu anathawira kumudzi woyandikana nawo. Ng'oma inang'ambika, anabweretsa ina. Anthu amene a Meng anawaletsa kuyetsemula kwa zaka zambiri analira mokweza mpaka mawu kusasa, ndipo a Guilan anawaposa onse. A Ban anali patsogolo, masaya ali tuu, akuliza ngati akubweza zonse za pa ukwati uja, misozi ikutsikira m'ndevu. Tong ankayenda pambuyo, zala m'makutu.

Manda anali pamtunda, pamene nsanja za Chiwaya zimaonekera kukayera. Anatsitsa bokosi, anayamba kukwirira, lipenga likulirabe. Pofika masana nkhungu inang'ambika pang'ono cha kuchigwa. A Ban anaona zingwe zikukungika, kanyumba kaja kakukwera pang'onopang'ono.

Nyimbo inali isanathe. Anachotsa lipenga pakamwa, anakweza dzanja, ng'oma inaleka. Wachibale wina wa kutauni anali atagwira kale machesi pa mkoko womaliza wa makombola. Anayang'ana a Ban, n'kubweza machesiwo m'thumba. Kunangotsala kulira kwa makasu ndi dothi lonyowa likugwa.

A Ban anakutumula malovu m'lipenga, analipukuta ndi mkono wa malaya, analikulunga m'nsalu yake n'kuliika pa udzu. Kenako analandira khasu kwa munthu amene anali pafupi, n'kumaliza kuumba mtumbira.