Logo Yathu M'manja mwa Atelala

Lolemba

Kwa aliyense amene zikumukhudza, ngakhale ndikudziwa kuti wowerenga ndi ine ndemwe: ine, wogwirizira udindo wa mkulu wofalitsa nkhani mu dipatimenti ya zamakompyuta pa yunivesite ino, ndikupereka dandaulo langa mwaulemu koma mokwiya. Logo yathu ikuzunzidwa.

Logoyo ndi yosavuta. Gudumu la mano, labuluu, pakati pake kamphezi koloza pansi. Basi. Koma lero ndayendera maofesi, ndapeza izi:

pa chitseko cha labu, gudumu alitambasula mpaka lasanduka dzira;

pa makalata ndi lobiriwira, chifukwa inki yabuluu inatha kalekale ndipo palibe amene analira;

pa imelo ya Dr. Banda, mphunzitsi wa mapulogalamu, pamwamba pa gudumu pali nkhunda. Akuti anaikapo ndi akazi awo.

Ba Prof, mkulu wa dipatimenti, andiitana. Loweruka kuli chionetsero cha ntchito zathu. Kubwera amayi ochokera ku bungwe lotithandiza la ku Kabulonga, ndipo tidzajambulitsa chithunzi tonse pamodzi. "Logo ikaoneka imodzimodzi paliponse, mawu aja oti 'wogwirizira' tiwachotsa pa udindo wanu." Mpando uwu ndaugwirizira mpaka manja achita dzanzi.

Ndamata malamulo pa bolodi: osaisintha mtundu, osaidula, osaitambasula, osaizondotsa. Ngakhale mwana wa giredi wani angamve.

Lachiwiri

Ba Mwila, mlembi wa ba Prof, mayi wa ku Kopala kwa migodi, alowa mu ofesi yanga osagogoda. "Shani ba Logo! Fankishoni yopanda chitenje ni mitingi chabe. Ninaoda kudala ku Kamwala."

Ba Logo! Madigiri awiri, dzina n'kukhala limenelo.

Ndithamangira ku mashopu a ku Kamwala. Anthu, mawilibala, wina wandiponda chala ndipo wokwiya ndi iyeyo. Mwini shopu atambasula nsalu monyadira. Buluu wake si wathu. Wathu ndi wa thambo la m'mawa, uyu ndi wa sopo wochapira. Ndimufotokozera mofatsa.

"Buluu ni buluu, bosi."

Pakati pa magudumu pali nkhanga. Nkhanga zonenepa, zoyang'ana cham'mbali. Ndifunsa kuti nkhanga zikufunanji pa nkhani ya makompyuta.

"Popanda nkhanga yenze kuoneka monga katani ya ku chipatala."

Lamulo loyamba lagwa. Ndinyamula nsalu, ndibwerera ku ofesi.

Lachitatu

Chitenje chagawidwa. Apa ndiye ndazindikira chimene sanatiphunzitse m'kalasi: nsalu ikagawidwa, aliyense ali ndi telala wake. Munthu wa mu Lusaka atha kusintha mpingo, atha kusintha banja, koma osati telala.

Nditumiza uthenga pa gulu lathu la pa foni, wopempha kuti aliyense auze telala wake asadule gudumu. Mayankho: chala chachikulu choloza m'mwamba, "Ameni", funso loti kodi Loweruka kuli chakudya, ndi chithunzi cha diresi ya mikono yonga mapiko a ndege.

Masana ndili ku City Market kwa telala wa ba Mwila. Ndifika sizasi ikudutsa pakatikati pa gudumu, ine ndikuona. Ndakuwa. Amayi ogulitsa kapenta atembenuka poganiza kuti andibera foni.

"Ise tidula kulingana na munthu, bosi, osati na pikicha."

Sanandiyang'ane n'komwe. Anali ndi mapini pakamwa.

Lachinayi

Tsiku loyendera atelala. Ndanyamula gawo langa la chitenje kukhwapa kuti ndiziphunzitsira.

Kabwata. Shati ya Dr. Banda. Theka la gudumu lili kumanzere kwa mabatani, theka lina kumanja. Telala akuti zidzakumana akamanga mabatani. Mimba ya Dr. Banda ndimaidziwa ine. Zigawo ziwirizo zizingoonana patali ngati apongozi.

Woodlands. Siketi ya amayi a ku ofesi ya maakaunti. Logo yagwera kumbuyo, pamalo pokhalira penipeni. Itambasuka, palibe kuchitira mwina. Polemba malamulo sindinaganizire za chilengedwe.

Pobwerera kwathu ku Chelstone, kondakitala wa minibasi aona nsalu ija. "Ba bosi, ni chipani chanyowani cha manje manje? Mupasa vitenje kuti?" Basi yonse yadzuka. Aliyense akufuna chake. Mayi wina wa kumpando wakumbuyo walonjeza kuti banja lake lonse lidzavotera nkhanga.

Ndatsikira pa siteji yosakhala yanga, n'kumalizitsa wapansi.

Lachisanu

Ndipita kwa ba Prof kukanena zonse. Ndakonzekera mawu, ena aakuluakulu ndithu.

Ndiwapeza akuyesa shati yawo yatsopano pa galasi la kabati. Timphezi tonse taloza kumwamba. Nkhanga zonse miyendo m'mwamba, ngati zafa ndi chitopa.

"Ikuoneka bwanji?"

Munthu wogwirizira sauza mkulu wake kuti wavala mozondoka.

"Yakukhalani, ba Prof."

Zatsala ziwiri zokha. Choyamba, chinsalu chachikulu choimika kumbuyo pojambula, chimene ndasindikiza ndekha nditaima pambali pa makina ngati mlonda. Buluu weniweni, gudumu lozungulira bwino, nkhanga palibe. Chachiwiri, ine. Chitenje chimenechi sindivala! Ndivala suti yakuda ndi kabaji ka logo yoona pachifuwa. Pakhale munthu mmodzi wolondola, mbiri idzamukumbukire.

Loweruka

Holo yadzaza magudumu. Odulidwa, otambasuka, ozondoka, ena pamutu ngati duku. Dr. Banda amanga mabatani ndipo sakupuma. Wophunzira wina wasoketsa kabudula.

Amayi a ku Kabulonga alowa, aima, agwira pachifuwa. Ndikuyembekeza kuti akomoke.

"Paliponse pamene ndayang'ana ndikuona chizindikiro chanu! Umodzi wotere sindinauonepo."

Afunsa ngati nsalu yatsalako. Ba Mwila anawasungira kale, yokulunga bwino ndi kariboni.

Nthawi yojambula. Wojambula andandalika anthu kutsogolo kwa chinsalu changa, aatali kumbuyo. Chaphimbika chonse. Kenako asuzumira mu kamera, adzutsa mutu, aloza ine.

"Ba suti, chokaniko pang'ono. Mwaononga yunifomu."

Ndiyang'ana ba Prof. Ba Prof akugwedeza mutu movomereza. Ndisuntha. "Futi." Ndisunthanso. Poti ndangoima, azimayi onse andipatsa zikwama zawo kuti ndiwagwirire. Zolemera ngati muli njerwa.

Polankhula, ba Prof athokoza ba Mwila, "amene aonetsetsa kuti logo yathu ifike paliponse", ndipo awasankha kukhala wapampando wa komiti yatsopano yoyang'anira logo. Nthungululu. Ine sindingaombe m'manja, ndanyamula zikwama.

Potuluka ba Prof andikokera pambali. "Nkhani yanu ija tidzaionanso. Koma muphunzire kugwirizana ndi anzanu. Lero wosiyana munali inu nokha."

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Amayi a kwaya amavala zabuluu.

Mawa ndibwerera kukagwirizira. Gawo langa la chitenje ndalisiya kwa telala wa pakona pathu. Wandifunsa kuti adule bwanji. Ndamuuza kuti adule mmene mtima wake ukufunira.

Chithunzi chatuluka pa tsamba la dipatimenti. Ndachikulitsa pa foni, ndafufuza ngodya zonse. Kumapeto kwenikweni, kudzanja lamanja, kukuoneka kachigongono kakuda kokoloweka lamba wa chikwama chofiira. Kameneko ndi ine.

Choncho, mwa mphamvu zochepa zimene ndili nazo, ndikulamula yunivesite kuti indipatse chipukuta misozi motere: zidendene zatsopano za nsapato zimene zinathera m'misewu ya atelala, mafuta otikitira mapewa, ndi nkhanga imodzi yamoyo yoti ndiziiyang'ana m'maso. Pomaliza, poti chigongono changa ndicho chokha chimene chinagwirizana ndi anzake mpaka kulowa m'chithunzi, chipatsidwe udindo wonse kuyambira mawa, ndi ofesi yakeyake. Thupi lotsalali lipitiriza kugwirizira.