Pusi ndi Denga la Apongozi

Mwambi uja wa pusi wogwa chagada unayamba motere, ana inu, ndipo pusi wake sanali wa mchira ayi. Anali munthu, dzina lake Yotamu Kachingwe, mmisiri wa madenga. Anthu anamutcha Pusi chifukwa ankakwera nyumba popanda makwerero, ndipo anali wowonda moti mphepo ikawomba ankagwira mtengo.

Anakwatira Esinta n'kukhala chikamwini. Apongozi ake, a Nachisale, anamulola pa chifukwa chimodzi chokha, ndipo sanabise. Anauza mwana wawo kuti, "Kulima satha amuna akowa, koma bola nyumba yanga isadonthe. Tsiku limene ndidzafunde beseni kumutu, adzanyamule mphasa yawo." Zaka zisanu ndi ziwiri zinatha, denga osadontha.

Kenaka msika wathu uja unayamba kukula, aliyense akufuna malata pamwamba pa benchi yake, mmisiri ali mmodzi. Kuti ayambe ndi iwe, unkayenera kumugwira pakamwa. Wa tchipisi ankamudzazira mbale, mafuta akuyenderera. Wa kanyenya ankamusankhira zonona zokhazokha. Amayi a mandasi ankamudikira ndi botolo la zoziziritsa kukhosi. Pusi kukana sankakudziwa. Ankaluma n'kunena kuti, "Ichi chakoma," n'kupita pa benchi ina, "Ichinso chakoma." Akafika kunyumba ankadyanso, kuopa kukhumudwitsa mkazi.

Mimba inatuluka, khosi linasowa. Anthu ankangoti, "A Pusi zikuwayendera." Zimandikwiyitsa mpaka lero, chifukwa mwa oyamikirawo palibe ndi mmodzi yemwe amene anamuthandizapo kumanga zingwe za nsapato.

Atayamba kupuma mwawefuwefu, Esinta anamutengera kuchipatala. Namwino anamukweza pa sikelo, anayang'ana, anamutsitsa, n'kumukwezanso.

"Bambo, mumadya chiyani?"

"Chimene chapezeka, amayi."

"Magazi anu akuthamanga kwambiri. Muchepetse zamafuta ndi zashuga. Muzidya zamasamba, nyemba ndi zipatso."

Pusi anali munthu womvera, kungoti ankamvera theka. Zamasamba anayamba, nyemba anayamba, nthochi ankatha phava lonse. Koma tchipisi ndi kanyenya sanazichotse, ati kutero n'kulakwira anthu amene sanamulakwire.

Mitambo itayamba kuda, a Nachisale anaitana Esinta, popeza mkamwini ndi apongozi sayankhulana maso ndi maso. "Ukawauze amuna ako kuti udzu wa padenga panga watha. Ndikagona ndikumaona kumwamba."

Esinta anakafotokoza, n'kuwonjezerapo zake: "Bambo, bwanji mupemphe wina akwere?"

"Wina ndani? Pusi ndine."

Anakabwereka makwerero, koyamba m'moyo wake. Anakwera akupumulira m'njira. Phaso linalira, koma linapirira. Atangoyala udzu mitolo iwiri, anaona nthambi ya mango itawerama pamwamba pa denga, mango ake ali psuu.

"Bambo, mwaimiranji?" anafunsa Esinta ali pansi.

"Zipatso. Ndi lamulo la kuchipatala."

Anathyola limodzi, analuma. "Ichi chakoma." Chapatali pang'ono panali lina lalikulu. "Koma icho ndiye chakoma." Anatambasula dzanja, mimba inatsatira, phaso linasiya kupirira. Pusi anabowoleza denga n'kugwa chagada, khu, m'chipinda cha apongozi, mmene mkamwini sapondamo phazi.

Sanathyoke paliponse, mafuta anamuteteza. Vuto linali kudzuka. Amuna anayi anamudzutsa, kenaka anapeza kuti munthu walowera pamwamba ndipo pakhomo sakukwanapo. Ali mkati mozula chitseko, mvula yoyamba inayamba, yonse kulowera pa chibowo chija.

A Nachisale anatenga beseni, analifunda kumutu, n'kuima pakhonde atayang'ana kumbali, pakuti ulemu kwa mkamwini sanausiye. Anafunsa mofatsa, "Esinta, mphasa yawo ija wawapindira?"

M'mawa mwake Pusi ananyamuka ulendo wa kwawo, mphasa ili kukhwapa. Ndinamumvera chisoni, chifukwa mtima wake unali wabwino, pakamwa pokha ndi pamene panalibe chitseko. Kuyambira pamenepo, munthu akafunsa a Nachisale kuti akamwini aja anapita kuti, iwo sankachulutsa mawu. Ankangoloza kudenga n'kunena kuti, "Ichi chakoma, ichi chakoma, Pusi anagwa chagada."