Nkhoswe Imene Idayanjanitsa Mapulagi

Nkhaniyi adandiuza ndi malemu a Lufeyo Kamtedza, Mulungu ausunge mzimu wawo, tsiku lina ife akwaya titakhala m'mbali mwa msewu kudikira kuti galimoto yathu ikonzedwe. Achinyamata adawafunsa za mwambi uja timanenera munthu wokonza chinthu chimene sichidawonongeke. Ine ndikuibweza monga ndidaimvera, osathirapo mchere wanga.

Mwambi uwu, iwo adati, chiyambi chake chili motere.

Kwa Mkanda kudali a Zakeyu Katsala, nkhoswe yodziwika dera lonse. Banja likagwedezeka, anthu ankathamangira kwa iwo. Ankakhazika mwamuna ndi mkazi pa mphasa imodzi, n'kumawasendeza mpaka mapewa agundane, ndipo sankachoka asadaone awiriwo akudyera mbale imodzi. Anthu adawapatsa dzina loti Yanjanitsa. Mtima wawo sunkapirira kuona mpata pakati pa zinthu ziwiri. Ngakhale nsapato zawo ankazisiya pakhomo zitagundana.

Lidafika Loweruka la ukwati wa Eneresi, mwana wa mlongo wawo. Tchalitchi chidali kutali, ndipo abusa adanenetsa kuti dzuwa likafika pamutu mkwatibwi asadafike, iwo anyamuka kupita kumaliro, ukwati udikire mwezi wamawa. Ng'ombe idali itaphedwa kale. Galimoto m'mudzimo idali imodzi yokha, pikapu yokalamba ya Jailosi.

Mmawa umenewo Jailosi adamasula mapulagi onse anayi, tizipangizo tija timayatsa petulo mu injini. Adawapukuta mwaye, nayeza iliyonse ndi kachidutswa ka sowo yodulira zitsulo kamene ankakavala m'khosi ngati chithumwa. Adawayala pa nsalu, napita kuchitsime kukatunga madzi a injini.

A Zakeyu adadutsa pamenepo atavala kale jekete. Adatola pulagi imodzi, nayiyang'anitsitsa. Kunsonga kwake kudali tizitsulo tiwiri: kena koima pakati, kena kopindika kowerama pamwamba pa kanzake. Tidayang'anizana, koma osakhudzana. Adatola yachiwiri: chimodzimodzi. Onse anayi adali otero. Adaganiza kuti mabampu a msewu ndiwo adalekanitsa tizitsuloto, ndipo Jailosi, pokhala wosakwatira, sadaone vuto. Galimoto yonyamula mkwatibwi ingayende bwanji ili ndi mabanja anayi osayankhulana m'mimba mwake?

Adakhala pa bampala ya pikapuyo, natola mwala wosalala. Adagogoda kachitsulo kopindika kaja pang'onopang'ono, uku akukalangiza chapansipansi kuti kunyada sikumanga nyumba, mpaka kadakhudza kanzake. Adatero ndi onse anayi, nawabwezera pa nsalu atagundana.

Jailosi pobwera adapeza amayi ayamba kale nthungululu. Poti adali atayeza kale, sadayang'anenso, adangomanga mapulagi. Eneresi adakwera kutsogolo ndi velo yake, ena adadzaza kumbuyo. Jailosi adapotoza kiyi. Injini idakhosomola, koma osadzuka. Adayesanso, nayesanso. Amuna ovala masuti adatsika n'kukankha. Adakankha kudutsa pachigayo, natsetsereka mpaka kudambo, pikapu ili duu. Nyimbo zidatha. Mithunzi idayamba kufupika. Eneresi ankalira mwakachetechete, kuopa kuwononga zodzola.

Jailosi adayang'ana petulo, nayang'ana batire, zonse zili bwino. Jailosi atagwira sipanala ya mapulagi, a Zakeyu adamugwira dzanja.

“Uko usatayeko nthawi, mwana wanga. Amenewo ndawayanjanitsa ndekha.”

“Mwawatani, bambo?”

“Anali atasiyana onse anayi. Tsopano ngakhale tsitsi silingapitepo.”

Jailosi sadakalipe. Adavula chipewa, nayang'ana kumwamba nthawi yaitali ngati munthu wopempha mphamvu. Kenaka adamasula pulagi imodzi, nawaonetsa.

“Bambo, kodi inu mumakhala pa mphasa imodzi ndi apongozi anu?”

“Mulungu aletse,” adatero a Zakeyu.

“Ndiye kuti mudadana nawo?”

“Iyayi. Umenewo ndi ulemu.”

“Awanso ndi apongozi.”

Manyazi adawagwira a Zakeyu, ndipo pofuna kukonza msanga adasolola mpeni kuti akanule tizitsuloto mpaka chala chipitepo. Jailosi adawaletsa, nati moto sudumpha mtsinje. Adavula kasowo kaja m'khosi, natukula kachitsulo kopindika pang'ono chabe, n'kulowetsa kasowoko pakati. Adati kazilowa kakukhula mbali zonse ziwiri, osathina, osagwedera. Muyeso wake ndi womwewo basi.

A Zakeyu sadakhulupirire kuti malo opanda kanthu angayendetse galimoto. Tsono Jailosi adabwereka chitenje cha mayi a mkwatibwi, nafunditsa mitu yawo awiri pamodzi ndi injini kuti muchite kamdima. Adalumikiza pulagi ku nthambo yake, nayigoneka pa chitsulo cha injini, nauza mnyamata wina kuti apotoze kiyi.

Pamenepo a Zakeyu adaona chimene sadachiiwale mpaka imfa yawo. Pa kampata kaja, kochepa ngati kukhuthala kwa chikhadabo, padadumpha kamoto kobiriwira ngati thambo. Tha, tha, tha. Chidali chiphaliwali chenicheni, koma chaching'ono kuposa njere ya mpunga. Sikadatuluke m'chitsulo ichi chokha kapena icho chokha. Kadabadwira pakati, pamalo pomwe iwo ankati n'popanda kanthu. Anthu kunja adangomva mawu awo kuchokera m'chitenje: “Ambuye, mudabisa mphezi mu kampata aka?”

Atatu otsalawo adawayeza ndi a Zakeyu eni ake, atagwira kasowo kaja ndi manja awiri ngati chikho cha mgonero. Jailosi adamanga, napotoza kiyi kamodzi, injini idabangula. Adafika kutchalitchi abusa atakwera kale njinga yamoto, chipewa chili kumutu. Ukwati udadalitsidwa.

Madzulo ake, pa chilangizo, anthu adadikira kuti nkhoswe iwasendeze akwati monga mwa nthawi zonse. A Zakeyu adayang'ana Eneresi ndi mwamuna wake atakhala pa mphasa, pakati pawo pali kampata. Manja adawayabwa. Adawapinda kumbuyo, nangoti: “Khalani choncho. Musatalikirane, musapanikizane. Pamenepo ndi pa Mulungu.”

Apa a Lufeyo adaleka, nayang'ana achinyamata aja mmodzimmodzi. Mawu awo otsiriza adali awa:

“Tsono ana inu, mukaona mpata umene simudausiye ndinu, yambani mwafunsa mwini wake musadatole mwala. N'chifukwa chake mpaka lero timati: Yanjanitsa adazimitsa moto.”