Munthu Amene Ankagoneka Nkhuku ku Lufita

A Lazarus Simfukwe ankagoneka nkhuku. Inde, kugoneka, ngati kuchipatala. Ku Lufita kuno nkhuku ikayamba kuwodzera masana, mapiko ali lende, munthu wanzeru amanola mpeni isanamufere, ndiwo n'kupezeka. Koma akuluwa ayi. Kuseri kwa nyumba yawo kunali kachisakasa ka madengu asanu ndi atatu ovundikira, iwo ankati ndi wodi, ndipo pansi pa dengu lililonse pankakhala wodwala.

Musandifunse kumene anaphunzira udokotala. Ena amati ali mnyamata ankatsegula geti kudibi ya ng'ombe, ena amati ankangosesako. Chijasi choyera chimene ankavala anachitola pa kaunjika, ndipo ine amene ndimagulitsa mpunga mumsika wa pa Boma ndikudziwa kuti zijasi zotere amavala ogulitsa nyama. Mkazi analibe. Ndi mwana wa yani angapirire nyumba yonunkha zitosi, ndi mwamuna wosadya nkhuku, wosadya ngakhale dzira? Ukawafunsa chifukwa chake ankakuyang'ana ngati watukwana.

"Dokotala angadye wodwala wake? Yayi, amama."

Akafika pakhomo pako, moni woyamba unali wa nkhuku.

"Monire amama," ankatero atanjuta pafupi ndi thadzi. "Mwagona uli? Pakupweteka ndi pati?"

Iwe mwini nkhuku ukati ufotokoze, ankakweza dzanja.

"Imwe dikirani. Munthu amanama, zitosi sizinama."

Ndiye ankatola kamtengo n'kuyamba kutokosa zitosi, kuziyang'ana, kuzinunkhiza, nkhope ili ngati ya jaji. Akatero ankatsegula nkhuku kukamwa, kuona lipombo ngati layera, kupapasa chithokomiro, kuvundukula mapiko kufuna utitiri. Nkhuku imodzi, ola lathunthu. Pomaliza ankamwa tiyi wako, makapu awiri, shuga masupuni anayi pa kapu.

Pamsewu ndiye ankatichititsa manyazi. Wakabaza akadutsa ndi nkhuku zomangidwa miyendo, mitu ili pansi, a Simfukwe ankaima pakati pa msewu manja ali m'mwamba.

"Iwe mnyamata! Anyoko ungawanyamule chonchi?"

Anagundidwapo kawiri. Sanaleke.

Tsiku lina anaitanidwa ndi mayi Eluby, mtsogoleri wa amayi kutchalitchi kwathu, amene akayamba kupemphera mwana amagona n'kudzuka iwo asananene ameni. Tambala wawo ankadzandira, kugwa, kudzuka, kulira pa nthawi yolakwika. Tinasonkhana ambiri poopa kuti mwina chitopa chalowa m'mudzi. A Simfukwe anamunyamula tambala uja, kumutsegula kukamwa, kununkhiza, kenaka kumuika pansi mwaulemu.

"Amama, adada awa sakudwala yayi."

"Nanga n'chiyani?"

"Aledzera."

"Mwati bwanji? Pakhomo pano?"

"Adya masese a mowa wa mawere. Atsopano, a dzulo. Muwapatse madzi, muwaike pamthunzi. Masesewo muzikwirira, osataya kuseri kwa bafa."

Mayi Eluby anati tambalayo ndi woyendayenda, amapita kwa anthu achikunja. A Simfukwe anawerama n'kukweza chingwe chimene chinamanga mwendo wa tambala ku mtengo wa peyala.

"Amapita ndi mtengo womwe?"

Mayiwo anakhala chaka osawapatsa moni. Koma msoti wawo utatupa maso, anautumiza kuwodi mwakachetechete kudzera kwa mnansi.

Woseka kwambiri pa onse ndinali ine. Dzina loti a Zitosi ndinawapatsa ndine, ndipo linagwira mpaka ana a sukulu. Kwathu ndi ku Thyolo. Ndinabwera kuno ndi ukwati, ndipo ndinkati zamisala ngati izi zingapezeke kuno kokha kumene dziko lathera.

Koma chaona mnzako chapita. Apongozi anga aakazi amakhala ku Chisenga, m'munsi mwa mapiri a Mafinga, ndipo kwa zaka zisanu ndi zinayi sananditchulepo mwana wawo. Ndinali "uyu wa kummwera". Pa ukwati wa mlamu wanga ananena ine ndikumva kuti akazi a kummwera amadziwa kudya nkhuku, kuweta sadziwa. Chaka chatha, mwana wawo Oliver, amene ndi amuna anga, atapita kukawaona, anabwera ndi thadzi la kameta, lija la khosi lopanda nthenga.

"Amayi akuti iyi ndi mbewu ya nkhuku za agogo," anatero. "Akuti usunge. Adzabwera kudzaona."

Aliyense akudziwa kuti imeneyo sinali mphatso. Anali mayeso. Nkhuku ija ikanafa m'manja mwanga, mawu a pa ukwati aja akanakhala chigamulo mpaka kumanda kwanga.

Uthenga unabwera mu Julaye kuti apongozi afika Loweruka kudzayezetsa BP pa Boma, ndipo agona kwathu. Lolemba la sabata yomweyo kameta wanga sanatuluke m'khola. Ndinamutulutsa, anangoima njo, mchira uli pansi, maso ali tsinzi. Gaga osadya. Akati ayende, ankatangadza miyendo n'kukhala pansi.

"Tigule wina wofanana naye," ndinauza Oliver.

"Amayi? Amadziwa nkhuku zawo kuposa zidzukulu. Pita naye kwa a Simfukwe."

"Ine? Kwa a Zitosi?"

"Ndiye nola mpeni, Loweruka ufotokoze wekha."

Ndinamukulunga m'chitenje ngati ndanyamula chinthu chakuba, n'kudzera njira ya kuseri kwa chigayo kuti amayi a mumsika asandione. Mphepo ya Julaye kuno inu mukuidziwa, imalowa mpaka m'mano. Ndinawapeza akuluwo akusinja makala a mankhwala, akutsokomola ngati injini ya chigayo chomwecho.

"Odi, adada."

Sanandiyankhe ine. Anavundukula chitenje.

"Monire amama. Pepani chomene, mwavutika." Kenaka anatukula maso n'kunditchula ndi dzina la mwana wanga. "Anyina Sungani, lero mwabwera kwa a Zitosi?"

Fisi akagwa m'mbuna sayankhula. Ndinangoyang'ana pansi.

Anayamba mwambo wawo wonse, kukamwa, lipombo, mapiko, ine ndikupsa mtima kuti mpunga wanga uli wokha kumsika. Atafika kumimba anapapasa pang'onopang'ono ndi zala ziwiri n'kuima.

"Si chitopa. Dzira lakakamira. Likufuna kutuluka, mphamvu palibe. Mumawapatsa chiyani?"

"Gaga."

"Gaga yekha? Imwe mungabereke ndi gaga yekha? Zigoba za mazira mumataya, usipa wofumbwa mumataya, ndiye amamawa mwawagoneka pamphepo. Onani khosi ili. Alibe kolala!"

Anatenthetsa madzi, kuwayesa ndi chigongono ngati osambitsa khanda, n'kumukhazika kameta m'beseni mpaka m'mimba. Anamupaka mafuta ophikira potulukira dzira, akumuimbira nyimbo ya kwaya. Bambo wa imvi, atagwada m'fumbi, akusambitsa nkhuku. Ndinaluma chitenje kuti ndisaseke.

"Ndawagoneka," anatero. "Mubwere Lachinayi."

"Ikafa nkhuku imeneyi mudzandidziwa," ndinawauza. Amenewo ndiwo mawu anga omaliza kwa a Lazarus Simfukwe.

Lachinayi m'mawa, ndikuyala mpunga pa benchi, mnzanga wogulitsa nyemba anati, "Wamva? A Zitosi atisiya." Mnansi anawapeza Lachitatu akupuma movutika, anawakweza pa kabaza kupita kuchipatala, ndipo kunja kusanache anali atapita. Chibayo.

Ndinene zoona, poti mwiniwake ankadana ndi bodza. Sindinaganize za munthu. Ndinaganiza za nkhuku.

Ndinathamanga mpaka ku Lufita. Abale awo anali atafika kale kuchokera kumapiri, anthu amene ife sitinawaonepo ndi kamodzi komwe akuluwa ali moyo. Utsi unali tolotolo kuseri. Nditazungulira nyumba ndinapeza madengu ali chagada, nthenga zikuuluka ndi mphepo. Mwana wa mlongo wina wa malemu, bambo wa jekete lachikopa, anali akupukuta mpeni pa udzu.

"Nkhukuzi mwatani nazo?"

"Za amalume izi. Alendo adye chiyani? Komanso zinali zofooka zonse, tachita mwayi kuzipeza zamoyo."

Odwala onse a muwodi, mpeni umodzi. Eni ake anali pomwepo, atakhala pa mphasa, aliyense akudziwa kuti yake ili mumphika. Koma pamaliro munthu ungaimirire n'kunena kuti nkhuku yanga? Anthu angati wabwerera chiyani, kulira kapena kulondola chuma? Mayi Eluby, amene msoti wawo unali utagonekedwanso kachiwiri, ndi amene ankagawa nyama ya atsogoleri a mpingo. Wina atanong'ona kuti nkhukuzi zinali zodwala, iwo anayankha ntchafu ili m'manja.

"Moto umapha matenda onse, mwana wanga."

Ine ndinanamizira kuthandiza kutsuka, n'kupita pa beseni la zimene zinali zisanaphikidwe. Ndinkafuna khosi la kameta wanga. Koma nkhuku ikasosoledwa, iliyonse ndi kameta. Ndinatembenuza makosi aja mmodzimmodzi, ndikuona kale nkhope ya apongozi Loweruka. Mumtima ndinkawatukwana malemu. Kufa analephera kudikira Lachisanu?

"Anyina Sungani ndi ati pano?"

Anali mlongo wawo wa malemu, a Namfukwe, mayi wokalamba wowonda, ataima pakhomo. Ndinawatsata m'nyumba. Amayi ankachotsa katundu kuchipinda kuti bokosi likafika lipeze malo. Katundu wake anali chiyani? Mpando umodzi, mabotolo, bedi la zingwe loyalidwa mphasa. Pakona pa bedi, kumene mphepo siifika, panali dengu lachisanu ndi chitatu, lokulungidwa bwinobwino m'bulangeti lotuwa. Pamwamba anabayapo kapepala ndi singano.

A Namfukwe anandipatsa kuti ndiwerenge. "Amama Kameta, a anyina Sungani. Dzira latuluka Lachiwiri masana. Adya usipa pang'ono. Asazizidwe."

Ndinavundukula. Kameta anali mmenemo, maso ali gwa, kambale ka madzi pambali, dzira lili pansi pa phiko. Anandijompha chala.

"Bulangeti m'nyumba muno ndi lomweli," anatero a Namfukwe. "Amene anawatengera kuchipatala akuti anawapeza pamphasa atafunda chijasi."

Chitsiru. Ndinatero mumtima, ndipo ndikuterobe. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri, chifuwa chili chotero, Julaye wa ku Chitipa, n'kupereka bulangeti kwa nkhuku ya mkazi amene anakupatsa dzina lachipongwe. Kaya chibayocho chikanawatenga ndithu ngakhale atafunda, ine sindine dokotala. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinakhala pansi m'chipinda chonunkha zitosi chija n'kulira mokweza kuposa abale, mpaka amayi akunja anayamba kufunsana ngati panali china pakati pa ine ndi malemu.

A Namfukwe anandikulungira kameta m'bulangeti lomwelo. "Tulukirani kuseri, wajekete uja asamuone."

Loweruka apongozi anafika. Asanamwe ndi madzi omwe anapita kukhola. Anamunyamula kameta, kumuyeza kulemera m'manja, kumupapasa pachifuwa, kuona dzira limene ndinaika m'kambale.

"Akuikira?"

"Akuikira, amama."

"M'nyengo yozizira ino?" Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi ngati akundiona koyamba. "Yewo, mwana wane. Kuweta ukudziwa."

Mwana wane. Zaka zisanu ndi zinayi ndikudikira mawu amenewo. Oliver anandiyang'ana, ine ndinayang'ana nkhuku. Apa ndi pamene ndikanatchula dzina la munthu amene tinamuika m'manda dzulo lake. Ndinagwada n'kunena kuti, "Yewo, amama." Ndinalandira zonse, osasiyako ndi kachidutswa komwe.

Tsopano ku Lufita kuli ulemu wambiri. Palibe wotichititsa manyazi pamsewu, palibe wotimalizira shuga. Kachisakasa kaja abale anaphwasula n'kugawana malata. Popeza nkhuku yanga ndi yokhayo imene inatuluka yamoyo, anthu ayamba kuganiza kuti ndinaphunzirako kanthu. Mwezi watha mtsikana wina wongokwatiwa kumene anaima pakhomo panga ndi msoti wozyolika m'manja, akuti ndimuonere. Ndinautembenuza uku ndi uku, sindinaone kalikonse. Ola lathunthu lija ndinaliwonongera kuluma chitenje.

"Nanga tipite kwa yani, amama?" anafunsa.

Anabwerera nawo momwemo.

Bulangeti ndinalichapa kawiri, n'kulipinda bwino kuti ndikabweze. Lili pa sutikesi kuchipinda kwanga mpaka lero. Ndi lopyapyala kwambiri, ukaliyanika umaona dzuwa kudzera m'kati. Ndikabweze kwa yani?