Jelikoti ya Kaputeni

Pulani inabadwa masana ena m'bala ya kuseri kwa msika, ndipo mzamba wake anali Kaputeni. Dzinali anadzipatsa yekha, poti madzi amene ankawadziwa anali a m'bafa basi. Anzake anali awiri: Sipanala, wowonda ngati mpini wa tsache, amene ankadzitcha makaniko chifukwa anagwirirapo munthu tochi pagalaja, ndi Chimimba, amene ntchito yake inali kunyamula zolemera ndi kumaliza zotsala m'mabotolo.

"Tamverani, aise," anatero Kaputeni akugogoda tebulo. "Dokotala wa mano wopuma ntchito uja ali ndi boti lakale kuseri kwa nyumba. Botilo n'chiphakasa, koma injini yake ndi yatsopano, ikadali m'katoni. Akufuna amisiri. Amisiriwo ndife. Tikalowa ngati okonza, tikatuluka ndi injini."

"Boti timalidziwa ife?" anafunsa Chimimba.

"Boti ndi beseni lalikulu, iwe. Chovuta n'chiyani?"

M'mawa mwake anafika atavala maovolosi obwereka. Dokotala, mdala wa maso akuthwa, anawatengera pansi pa mtengo pamene botilo linakhala pa ngolo ya matayala awiri, nkhuku zitalisandutsa chipatala cha amayi oyembekezera. Thupi lake la faibagalasi, pulasitiki yolimba yopangira maboti, linali ming'alu yokhayokha ngati chidendene cha mlimi, ndipo galasi lakutsogolo linali litachita ng'ala, mng'alu utayambira pakona.

"Injini ili kuti, bwana?" anafunsa Sipanala. "Tiione kaye."

"Ili kuchipinda kwanga, pafupi ndi bedi. Idzatuluka boti likadzawala. Munthu savala suti asanasambe, ana anga."

Basi, anthu amene chibadwire anali asanatulukepo thukuta la ntchito anayamba kulawira m'mamawa. Dokotala ankakhala pampando, ambulera kumanja, n'kumalamula ngati akadali ndi odwala.

"Mng'alu uli ngati dzino lobowoka. Ukuze kaye, uchotse zowola, upukute, kenako umate."

Chomatira chake chinali jelikoti, utoto wolimba wa pamwamba pa boti, umene umauma ukaudonthezera mankhwala pang'ono. Sipanala, pofuna kufulumira, anakhuthulira botolo lonse la mankhwalawo m'chitini cha utotowo. Chitini chinatentha, chinayamba kufuka, iye n'kulumpha mpanda akukuwa kuti bomba. Chimimba fumbi la faibagalasi linamulowa m'khwapa, moti ankayenda akudzikanda ngati galu wa mphere.

Koma tsoka lenileni linagwera Kaputeni: ntchito inamukoma. Ankanyowetsa sandipepa n'kumakhula pang'onopang'ono, lilime lili panja, mpaka chigamba chosaoneka pamene chathera. Pagalasi anaboola kabowo kunsonga kwa mng'alu kuti usapitirire, anamata, n'kupukuta mpaka ng'ala yonse inachoka. Tsiku limene anaona nkhope yake m'mbali mwa boti, anaima nthawi yaitali, kenako anakonza kolala. Kubala sankanenanso za injini. Ankatopetsa anthu ndi mitundu ya sandipepa.

"Mkuluyu mutu wazungulira," Sipanala ananong'oneza Chimimba. "Tinabwera kudzaba, iye wapeza ntchito yopanda malipiro."

Pomaliza injini inatuluka, inamangidwa kumbuyo kwa boti. Mawa lake dokotala anapita kukazonda mlongo wake kuchipatala, n'kuwasiya akupukuta. Sipanala anathamangira pikapu ya mlamu wake, atamunamiza kuti akukasamutsa m'busa.

"Dilu yapsa! Masulani injini tizipita!"

"Injini yokha?" Kaputeni anatong'ola maso. "Boti langa ndimusiyire wozula mano? Anakhulapo pati iyeyo? Kolekani ngolo, tikutenga lonse."

"Mani, boti tikalibisa m'thumba mwa ndani?"

"Koleka, iwe!"

Dzuwa lili paliwombo, mbava zitatu zinalowa mumsewu waukulu zikukoka boti loyera mbee, lowala moti ana asukulu ankaliombera m'manja. Kaputeni anakhala m'botimo, kuseri kwa galasi lake, akubayibitsa anthu ngati mkwati.

Pamphambano, minibasi inadzipanikiza kuti idutse. Kunamveka kuti khwee! Mzere wakuda unatsala m'mbali mwa boti, kuyambira kutsogolo mpaka pakati.

Kaputeni anatsika ngati walumidwa ndi mavu.

"Iwe! Ukudziwa mmene zala zanga zinathera apa?"

"Pepani akulu," anatero dalaivala. "Kakang'ono aka, tingomvana."

"Kakang'ono? Iyi ndi jelikoti, si laimu wa kuchimbudzi kwanu!"

"Zisiyeni, mani, tiyeni!" Sipanala anachonderera.

Kaputeni anazula makiyi a minibasi, n'kukagona chagada kutsogolo kwa matayala. "Pano sachoka munthu mpaka abwere apolisi! Dziko lino lili ndi malamulo!"

Magalimoto anaima mpaka kumsika. Apolisi, amene masiku ena amachedwa, tsiku limenelo anafika msanga. Mayi wapolisi anazungulira boti, anayang'ana mzerewo, n'kugwedeza mutu mwachisoni.

"Akulakwirani ndithu. Boti ndi la ndani?"

"Langa!" anatero Kaputeni akudzisasa fumbi.

"Mapepala ake?"

Sipanala anayamba kuyang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula. Chimimba, poona kuti anzake asowa chonena, anaganiza zothandiza.

"Mapepala ali ndi eni ake, mayi. Ife tangotenga boti."

Madzulo dokotala anafika kupolisi. Sanakalipe. Anayendetsa chala pamzere uja, n'kuuza wapolisi kuti n'zinthu zazing'ono, mphwake ali ndi utoto wotsala popenta khitchini, adzangopakapo.

Pawindo la selo panatuluka manja awiri a Kaputeni, akugwedeza zitsulo.

"Utoto wa khitchini? Pa jelikoti yanga? Bwana wapolisi, mwamanga anthu olakwika! Chigawenga ndi chimenecho!"