Tsiku Limene Lomba Yanga Inagwira Mkwatibwi

Zimene anthu akukamba kudera kwathu kuno ku Namacula za ine ndi ukwati wa mwana wanga Lusiya, zambiri n'zowonjezera. Si zoona kuti galimoto inagudubuzika. Si zoonanso kuti ndinathawa n'kukabisala m'munda wa nyemba. Ndinaima pomwepo mpaka mapeto, anthu onse akundiona bwinobwino, ndipo pena ndimalakalaka ndikanathawadi. Poti nkhaniyi ikufotokozedwa mokhotakhota pamsika, ndaganiza zoilemba ndekha mwadongosolo, monga ndinkachitira pa ntchito ya muofesi ndisanapume.

Ndili m'kalabu ya anthu odzipereka kukonza mzinda wathu wa Lichinga. Timakumana Loweruka. Timasesa pamsika, timapaka laimu mitengo ya m'mbali mwa msewu, timayendera odwala, ndipo chaka china tinadzutsa mjigo umene unafa kalekale. Mtsogoleri wathu ndi Dona Felizarda, mayi woti akangokuyang'ana umapezeka wanyamula kale tsache. Ine ndine mlembi. Kunena zoona palibe anandisankha, koma palibenso wina amene amasunga mapepala. (Kunyumba ndili ndi risiti ya wailesi imene inapsa Lusiya asanabadwe. Mayi a Lusiya amati ndikadzafa sadzavutika kugula nsalu, adzangondikulunga m'mapepala anga.)

Msewu wathu ndi wadothi, ndipo umadutsa pakhomo pa sukulu ya ana aang'ono. Anyamata a mota, awa onyamula anthu panjinga zamoto, ankathamanga pamenepo ngati akuwapirikitsa ndi njuchi. Tsiku lina wina anagwetsa mwana wa sukulu. Mulungu anathandiza, mwanayo anangosupuka bondo. Pamsonkhano wotsatira ndinaimirira n'kunena kuti timange lomba, chitunda chija chopingasa msewu chokakamiza oyendetsa kuchepetsa liwiro. Onse anaomba m'manja. Akuluakulu a mzinda anatilola (chilolezo ndili nacho, wofuna kuchiona abwere ndi manja osamba), ndipo kalabu inati ntchito ndiyang'anire ine.

Anzanga ankafuna kungounjika dothi. Ndinakana. Lomba yadothi imapita ndi mvula yoyamba, ndipo ine sindigwira ntchito yopita ndi mvula. Tinayala miyala, tinathira simenti. Wina akati, "Basi yakwana," ine ndinkabwerera m'mbuyo, n'kupendeketsa mutu, n'kunena kuti, "Iyi wa mota angoiseka. Onjezerani." Ankaonjezera mosangalala. Ndikufuna mfundo imeneyi imveke bwino: palibe anandiletsa.

Itauma tinaiyesa mwadongosolo. Inadutsa lole ya mbatatesi yochokera ku Lione, bwinobwino. Inadutsa pikapu ya amuna a Dona Felizarda, bwinobwino. Anadutsa bambo wina panjinga yakapalasa, anachita kutsika n'kuikankha, ife n'kugwedeza mitu mokhutira. Kenako anabwera Saide, mkulu wa anyamata a mota, ndi liwiro lake la masiku onse. Anauluka pang'ono, natera ataluma lilime, ndipo kalabu yonse inaimba nthungululu. Panalibe amene anakumbuka kuti padziko pano palinso magalimoto ena aang'ono, oyenda mimba ili pansi ngati bakha. Otero sadutsa mumsewu mwathu, ndiye tikanawakumbukira pati?

Chinthu china ndiyenera kuchitchula. Simenti isanaume ndinatenga msomali n'kulemba m'mbali mwa lomba dzina la kalabu, ndipo m'munsi mwake dzina langa lonse pamodzi ndi udindo wanga. Moyo wanga wonse sindinaperekepo ntchito yosasaina. Kenako kunabwera dzinja, mvula n'kukokolola dothi uku ndi uku. Lomba sinakule ayi. Msewu ndiwo unatsika. Ndanena zimenezi kambirimbiri koma anthu safuna kumva.

Lusiya ndi mwana wanga womaliza, ndipo pa ukwati wake sanapemphe zambiri. Ankangofuna kulowa m'tchalitchi pang'onopang'ono, atsikana akuvina patsogolo pake, kwaya ikuimba, ine bambo ake ndili pambali pake nditavala suti. Atsikanawo anayeserera pabwalo pathu kwa miyezi, mpaka udzu unatha. Wansembe anatichenjeza kuti tisachedwe, chifukwa akatha ukwati wathu anali ndi ulendo wokachita Misa ku Lione.

Galimoto ya mkwatibwi anabwera nayo a Bonifasiyo, amalume a mkwati, kuchokera ku Nampula. Inali yoyera, yonyezimira, yotsika kwambiri, ndipo mwini wake ankaipukuta ndi mpango wa m'thumba ntchentche ikangoterapo. Anafika kwathu kudzera kumtunda, kumene kulibe lomba. Tchalitchi chili kumunsi.

M'mawa umenewo kunagwa mvula. Ine ndinakhala kutsogolo pambali pa a Bonifasiyo. Kumbuyo kunali Lusiya ataphimbidwa nkhope, pamodzi ndi madirinya wake Dona Rozita, mayi woyang'anira mkwatibwi, amene Mulungu sanamumane thupi. M'mbuyo mwathu munkabwera lole yodzaza amayi oimba. Nditaona lomba ikuyandikira, mtima wanga unakoma. Ndinali nditakonza kale mawu oti ndinene tikangodutsa: "Asewere, mwaiona ntchito imeneyo?"

Matayala akutsogolo anakwera bwino. Kenako pansi pathu panamveka kulira kwa chitsulo, kweee, ngati munthu akukokera lata pamwala. Galimoto inaima. Inakhala pamwamba pa lomba ndi mimba yake, n'kumagwedera kutsogolo ndi kumbuyo, matayala akungozungulira m'mwamba. Mawu anga aja ndinawameza.

A Bonifasiyo anatsika. Nane ndinatsika.

"Ndani anamanga chinthu ichi?" anafuula. "Iyi ndi lomba kapena manda a mfumu? Munthu amene anachita izi mutu wake umagwira? Ayenera kuti sanakwerepo galimoto chibadwire!"

"Zoona, asewere," ndinatero ine motsitsa mawu, "anthu ena amapyola muyeso."

(Sindinanama. Anthu ena amapyoladi muyeso.)

Anayala mpango wawo pamatope, nagwada kuti aone pansi pa galimoto. Anakhala chogwada nthawi yaitali, kuposa imene munthu amafunika poona chitsulo chokhota. Ndinaona milomo yawo ikugwedera. Ankawerenga. Kenako anadzuka pang'onopang'ono, napukuta mawondo, n'kundifunsa mwaulemu kwambiri:

"Asewere, kodi kuno ku Lichinga a dzina limeneli mulipo awiri?"

Ndinayamba kuwafotokozera za kukokoloka kwa dothi. Sanandimvere.

Nzeru yoonekeratu inali yoti onse atsike kuti galimoto ipepuke. Dona Rozita anatsitsa galasi.

"Mkwatibwi satsikira panjira ngati thumba la makala. Atsikira pakhomo la tchalitchi."

"Ndiye tsikani inuyo, mayi."

"Ine? Nditsike ine, mwana atsale yekha? Mwaona kuti wolemera ndine, eti? Nenani bwinobwino, bambo, anthu amve!"

Anakweza galasi. Lusiya anakumbatira maluwa ake n'kuyang'ana kutsogolo. Amayi a m'lole, m'malo mothandiza, anasintha nyimbo. Anayamba ina yopeka pomwepo yonena za bambo amene anatchera msampha n'kukola mwana wake yemwe. Inali ndi kolasi yabwino, ndivomereze, ndipo mawu okwera kwambiri anali a mkazi wanga.

Apa n'kuti anyamata a mota atasonkhana, aja amene lomba inawazunza dzinja lonse. Sindinaonepo anthu osangalala chotero. Saide anazungulira galimoto, manja ali kumbuyo, ngati munthu wofuna kugula ng'ombe.

"Ambuje, wallahi, lero yagwira yaikulu! Ife imangotiluma malilime, koma iyi yameza yonse!"

"Usiye zolankhula, mwana iwe. Wansembe akudikira. Nyamulani!"

"Tinyamula, ambuje. Koma munene kaye kuti lomba yanuyi yatalika."

"Msewu ndiwo unatsika."

"Anyamata, tiyeni tizipita, akuti ili bwino."

Ndinayang'ana galasi lakumbuyo kumene kunali Lusiya, ndinayang'ana dzuwa. "Yatalika pang'ono," ndinatero.

Anaigwira galimoto mbali zonse. Ine, monga woyang'anira ntchito, ndinaima pafupi ndi tayala kuti ndilamule bwino. Ndinauza a Bonifasiyo kuti alowe m'galimoto, ndipo akamva ndafuula aponde mafuta. Ndinafuula. Anyamata anakankha, tayala linakhudza pansi pamene panali chithaphwi, ndipo matope onse ofiira a ku Namacula ananyamuka n'kudzatera pa ine, kuyambira pa tayi mpaka m'makutu. Galimoto inadumphira kutsidya. Paipi yake ya utsi inatsala pa lomba. Kuchokera pamenepo inkalira ngati chigayo, moti agalu anatiperekeza mpaka kumunsi.

Suti inali itatheratu. Dona Felizarda, amene ankabwera m'mbuyo pa pikapu, anandiyang'ana kamodzi n'kutulutsa malaya a kalabu, aja obiriwira timavala posesa pamsika, olembedwa kumsana ndi zilembo zikuluzikulu kuti TIKONZE MZINDA WATHU. "Valani, a mlembi. M'nyumba ya Mulungu simulowa ngati njerwa yosaotcha."

Tinapeza wansembe ataima pakhomo, makiyi a galimoto ali m'manja. Sanakalipe. Anangoti nthawi yovina yatha, tilowe molunjika. Atsikana aja anayenda ndawala ndi magolovesi awo oyera, wina akulira. Kwaya inaimba ndime imodzi. Ine ndinayenda pambali pa mwana wanga ndi malaya obiriwira, mpingo wonse ukuwerenga msana wanga. Pakati pa kanjira Lusiya analankhula pansi pa chophimba chake, osatembenuka: "Musandigwire mkono, mundidetsa."

Zithunzi zonse zili choncho. Wojambula anayesetsa kundiika kumapeto, koma chobiriwira sichibisika.

Kuyambira tsiku limenelo Lusiya anasiya kunditcha Papa. Tikakumana ankandipatsa moni waulemu wonse, mawondo atapinda, n'kunena kuti, "Mwaswera bwanji, a mlembi?" Kwa mayi ake ankabwera kudzera kuseri, nthawi imene ankadziwa kuti ndili kumsonkhano. Ku kalabu ena anati lomba tiitsitse. Ndinaimirira n'kuwakumbutsa kuti chiimangireni palibe mwana amene wagwetsedwa pasukulu paja, ndipo palibe anatha kunditsutsa. Ndinapambana. Ndinabwerera kunyumba n'kukadya ndekha, mayi a Lusiya atandiikira chakudya patebulo ngati mlendo wa pa resitihausi.

Patapita miyezi, Lusiya anabwera masana, kudzera pakhomo lakutsogolo. Anali woyembekezera, mimba ikuoneka. Anakhala pamphasa n'kukonza kapulana wake, chitenje chimene anavala, bwinobwino.

"A mlembi, ndabwera ndi funso la ntchito."

"Funsa, mwanangu."

"Masiku anga akayandikira ndidzabwera kudzadikirira kuno kwa amayi, poti ndi mwana woyamba. Yodzanditengera kuchipatala ndi galimoto yoyera ija. Amalume anaisiyira amuna anga, akuti safuna kuionanso. Ndiye ndimati ndidziwiretu, mdzukulu wanu adzabadwira kuchipatala kapena pa lomba? Kuti polembetsa tisadzalakwitse malo. Ndikudziwa simukonda zolakwika pamapepala."

Anatsanzika mwaulemu n'kumapita. Mayi ake anali kukhitchini, akutsokomola chifuwa chimene analibe.

M'mawa mwake ndinatenga piki. Apa m'pamene ndinadziwa kuti simenti ija tinaisakaniza bwino zedi, chifukwa piki inkangodumpha, manja n'kuchita matuza, lomba osasintha. (Ndinanyadirako pang'ono, sindibisa.) Anyamata a mota anaimika njinga n'kumaonerera ngati mpira. Dzuwa litakwera Saide anandilanda piki. "Pumani, ambuje, mungatifere pano, ena adzati munakwiriridwa m'manda anu omwe." Loweruka kalabu yonse inabwera, ndipo Dona Felizarda sananene mawu oti tinakuuzani, chifukwa sanandiuze.

Tili mkati mogumula, wina anandigwira paphewa. Anali Lusiya, atanyamula kapu ya tiyi ndi mbatata yootcha.

"Imwani, Papa. Koma kumanzereko sikunatsike bwino."

Ndinamwa. Kumanzere tinatsitsanso.

Mdzukulu anabadwira kuchipatala, mtsikana, ndipo galimoto yoyera inadutsa osakhudza. Vuto n'loti lomba ya tsopano ndi yaulemu kwambiri, moti anyamata a mota sakuiopa. Ndiye masiku ano, nthawi yoweruka ana, ndimatenga mpando ndi ambulera n'kukakhala m'mbali mwa msewu pakhomo pa sukulu, nditavala malaya obiriwira aja. Wothamanga ndimamuloza ndi ambulera, ndipo ndimadziwa mayi wa aliyense wa iwo. Andipatsa dzina, akuti ndine Vovo Lomba, kutanthauza Agogo Lomba. Ndawauza kuti dzina limenelo sindikulivomera ndipo sindidzaliyankha. Amaseka, koma amaseka akudutsa pang'onopang'ono.