Wigi ya ku Soweto

Nkhani iyi mkazi wanga amaikamba pofuna kundichepetsa, koma lero muimve kwa mwiniwake wa dazi.

Inali nthawi ija makampani a boma ankagulitsidwa. Tinamva kuti aliyense adzagula nyumba ya kampani imene akukhalamo, bola fayilo yake isonyeze choncho. Ndiye kunabuka mphekesera yoti nyumba yanga ya ku Libala, momwe anabadwira ana anga onse, yalembedwa m'dzina la mlamu wa bwana wina. Mtima unandiwawa kwambiri. Ndinavala suti n'kupita ku likulu m'tauni kukaona fayilo yanga ndi maso angawa.

Pa windo panali mayi wina, Ba Mulenga, wosunga mafayilo. Anatenga reji yanga, chitupa cha unzika chija, natulutsa fayilo, nayang'ana chithunzi chapachikuto, kenako ine.

"Ba mudala, fayilo tionesa chabe mwine wake. Reji na fayilo vipalana, koma imwe simupalana navo. Kapena ni mwana wanu?"

Zithunzi zonse ziwiri ndinajambulitsa ndili mnyamata, wowonda, tsitsi lili ngati chitsamba. (Panopa ntchentche ikatera pamutu panga imaterereka.) Ndinawauza kuti ino ndi demokalase, munthu ali ndi ufulu wodziwa zimene anamulembera. Ndinalankhula mpaka thovu kukamwa. Iwo ankanena zina zokhudza mboni, koma ine ndinali pakati pa ufulu, sindinamve.

Pobwerera ndinadzera kumsika wa Soweto n'kugula wigi pa salaula, pogulitsira zovala zakale paja. Wogulitsa anafunsa ngati ndi ya amayi kunyumba, ine ndinavomera. M'mawa mwake ndinameta ndevu, n'kumanga mimba ndi lamba, wigi kumutu. M'minibasi anthu ankandisiyira malo okwanira anthu awiri, ine n'kumati ndi ulemu.

Ba Mulenga atandiona anaika cholembera pansi.

"Mailo munabwela na dazi, lelo mwabwela na sisi. Manje ndimwe ndani?"

Sanadikire yankho, anaitana mlonda. Mlondayo pondigwira pakhosi la jekete, wigi inatsetsereka n'kugwera pansi, pamaso pa mzere wonse wa antchito anzanga.

"Aba ni Ba Chidazi ba ku galaji!" anakuwa dalaivala wina, ndipo mzere wonse unavomereza ukuseka. Wina anachita kutola wigiyo, kuisasa fumbi, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Ndiye vamene nenze kukamba mailo," anatero Ba Mulenga akupukuta misozi. "Mboni zibili chabe zokuzibani. Imwe mwaleta kampani yonse."

Anandikhazika pampando n'kundipatsa fayilo. Ndinaitsegula. Nyumba inali m'dzina langa, ndipo Ba Mulenga anandinong'oneza kuti munthu wina wa tayi anabwerapo kudzaipempha, iwo n'kumubweza ngati mmene anandibwezera ine. Manyazi onse anathera pomwepo. Ndinatuluka pachipata mutu uli m'mwamba, dazi likuwala, wigi ili kukhwapa.

Nyumbayo ndinagula, ndipo ndikulemba izi ndili pakhonde pake. Mkazi wanga amati phunziro lake ndi kumvetsera ena akamalankhula. Mwina. Ine ndimati fayilo imene inakanizidwa mwiniwake, wakuba sakanainunkha n'komwe. Reji ija sindinasinthe mpaka lero, ndiye wigi ndikuisungabe.